Mutu 5: Kaputeni wa Munda Nambala 14

1. Kabaza wakumwamba

Matenda a Zikani Namakhwa anayamba tsiku limene kandege kena kanadutsa pamwamba pa sukulu yawo. Sinali ndege yoti munthu n'kuivulira chipewa ayi. Kanali kampando ka mateyala atatu, kolendewera kunsi kwa phiko limodzi lansalu, kumbuyo kukulira injini ngati ya chigayo. Anthu a ku Luchenza anangokatcha kabaza wakumwamba n'kupitiriza zawo. Koma Zikani, mnyamata wa Fomu 3, anatsala chiyang'anire kumwamba mpaka khosi kuwawa.

Chaka chimenecho, 2007, a Dixon anali atatsegula kefe ya intaneti pafupi ndi siteji ya minibasi. Munali makompyuta atatu, ndipo imodzi inkayaka ikafuna yokha. M'menemo ndi mmene Zikani anapezera foramu, gulu la pa intaneti la anthu oyendetsa tindege totere. Anali a m'mayiko osiyanasiyana. Ankalemberana za mphepo, za injini ndi za mafuta, n'kumakangana ngati ochemerera mpira.

Polembetsa, kompyuta inafunsa dzina. Iye analemba kuti Zikani. Ataliyang'ana anaona kuti dzinalo likuoneka losavala nsapato, ndiye anawonjezera Kaputeni kutsogolo kwake.

Tisamunamizire, mwanayu ankaphunziramo zenizeni. Anadziwa kuti kandege kamatera moyang'anana ndi mphepo. Anadziwanso kuti woyendetsa akaona X wamkulu woyera atayalidwa pabwalo, pamenepo saterapo, zivute zitani.

Mavuto anadza pamene anthu a m'gulumo anayamba kuonetsana zithunzi za mabwalo awo oterapo. Mkulu wina wa ku Beira, dzina lake Andreya, anafunsa kuti, "Nanga a Kaputeni a ku Malawi, lanu lili kuti?"

Zikani anabwereka kamera ya a Dixon, yojambulira zithunzi za pasipoti. Anakwera pathanki ya madzi ya pa esiteti imene ankakhala, najambula Munda Nambala 14. Mundawu ndi wautali ndiponso wosalala. Ukakhala pamwamba, tiyi wake amaoneka ngati kapinga wometedwa dzulo. Kunsi kwa chithunzicho analemba kuti, "Bwalo langa ndi ili. Lili pakati pa damu ndi fakitale ya denga lofiira, kumadzulo kwa Luchenza. Timameta sabata iliyonse. Aliyense ndi wolandiridwa."

Pa mawu onsewa, oona anali damu ndi fakitale basi. Koma anthu anayamikira koopsa. Wina anati sanaonepo bwalo lobiriwira chotero mu Africa monse. Tsiku limenelo Zikani anabwerera kwawo chifuwa chili patsogolo.

2. Tebulo la tiyi

Bambo ake, a Samsoni Namakhwa, anali kapitawo wa otchola tiyi, komanso mkulu wa mpingo wa Sabata pa esitetipo. Anali munthu wodzilemekeza. Pa Sabata palibe amene anawaonapo opanda malaya oyera ndi tayi, ngakhale m'dzuwa la Okutobala.

Tsiku lina awiriwa akudutsa m'mbali mwa Munda 14, bamboyo anaona kuti mwana wawo akuumwetulira mundawo ngati ndi wake. Anaima.

"Ukuuona mundawu?" anatero a Namakhwa. "Pamwambapa ife timati tebulo. Timachita kuyala ndodo potchola kuti pakhale posalala chonchi. Ndiye mu 1996 kunabwera mphunzitsi wochokera ku Kasungu, a Edson, munthu wophunzira bwino, koma tiyi ankangomudziwira m'kapu. Ataima pachitunda apo anati, 'Koma kapinga uyu, abale!' Anavula nsapato, n'kuthamanga, n'kudumpha kuti akagonepo. Ife tinangoona miyendo ikupalasa kumwamba. Tinachita kuwazula ngati chinangwa, theka la thalauza litatsalira m'nthambi."

Zikani anaseka, koma kuseka kwake kunali kowuma.

"Seka, koma umve," anapitiriza bambo ake. "Pamwamba pali timasamba tofewa. Pansi pali mitengo yolimba gwa, yofika m'chiuno, ina inadzalidwa agogo ako asanabadwe. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndamva kuti masiku ano sukuchoka kwa a Dixon. Sindikukuletsa, kompyuta ndi sukulu. Koma anthu a m'menemo sakuona iweyo ayi. Akuona tebulo limene wawayalira. Ukawayalira bodza, tsiku lina wina adzadumphirapo ndi miyendo yonse iwiri, ndipo wovulala sudzakhala iwe wekha."

"Ndamva, ababa," anayankha Zikani.

Koma mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo a tsiku limenelo anali asanagonere.

3. Uthenga wa Lachisanu

Anagonera milungu iwiri. Lachisanu masana, Zikani ataweruka kusukulu, anapeza uthenga m'foramu. Unachokera kwa Susan, dokotala wa ziweto wa ku Chipata, amene ankazungulira mayiko pa kandege kake. Anaulemba Lachinayi.

"Kaputeni, bwalo lanu landitenga mtima. Ndili kuchigwa cha Shire. Ndikulowa kutchire kumene kulibe foni kapena intaneti. Loweruka ndidzatera kwanuko cha m'ma 9 koloko m'mawa. Mafuta adzakhala atachepa, choncho sindidzazungulira kwambiri. Ndatenga chisoti chachiwiri. Inu mudzayendetse, ine ndizidzajambula phiri la Mulanje."

Zikani anakumbukira nkhani ya bambo ake ija. A Edson anadumphira m'tiyi ndi miyendo, n'kutaya thalauza. Koma kandege kamafika pansi kali pa liwiro la galimoto. Mateyala akakodwa m'nthambi zija kakhoza kugudubuzika, ndipo mayiyo akhoza kufera pomwepo.

Mofulumira analemba kuti, "Pepani, bwalo likukonzedwa."

"Bwalo lake liti, aise?"

Anali a Dixon, ataima kumbuyo kwake ndi kapu m'manja. Anasuzumira chithunzi chija.

"Si Munda 14 uwu? Amayi anga atchola pamenepa zaka khumi! Kamera yanga ija unati ndi ya homuweki ya Jogirafe, kani umakajambula eyapoti? Ndiye Kaputeni uyu nde ndani?"

"Ndine," anatero Zikani ndi timawu tating'ono.

A Dixon anaseka mpaka tiyi wa m'kapu kutayikira pa nsapato. Koma atawerenga uthenga wa Susan, kuseka kunatha.

"Iwe, munthu afatu apa. Ndiye ukati likukonzedwa, wina adzafunsa kuti litha liti. Udzati chiyani?"

Zikani anawerenganso mawu ake aja. Kenako anawafufuta, nalemba ena.

"Ndinanama. Sindine kaputeni. Ndine mwana wa sukulu wa zaka 17, ndipo ndege sindinaikwerepo. Pachithunzipo si pabwalo, ndi munda wa tiyi wofika m'chiuno. Susan asatere. Chonde thandizeni."

Mayankho sanachedwe. Wina anadzaza mzere wonse ndi kuseka. Wina anakalipa ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha. Kenako kunabwera a Andreya.

"Mwana wanga, zokukalipira tidzachita Lamlungu. Susan sauona uthenga wako. Ndayesa foni yake, siikupezeka, ndipo wailesi yake inawonongeka mwezi watha. Tiyi ndimamudziwa. Ukakhala kumwamba amanamiza, makamaka kukachita nkhungu. Chatsala n'chimodzi. Yala X woyera pakati pa mundawo, mkono uliwonse utalike ngati basi. Akhale alipo 9 koloko isanakwane."

Zikani asanayankhe, magetsi anazima.

"Nsalu zoyera zochuluka choncho ukazipeza kuti?" anafunsa a Dixon m'kachipinda kamdimako. Anaganiza pang'ono. "Kuno kwathu anthu okonda zoyera ndi a mpingo wa bambo ako basi. Thamanga, dzuwa likupita."

4. Kulandira Sabata

Anafika kunyumba dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Bambo ndi mayi ake anali atakhala kale pakhonde, atasamba, mabuku a nyimbo ali m'manja, kudikira kulandira Sabata. Zikani akanatha kungokhala pansi n'kuyimba nawo. Koma anaima patsogolo pawo.

"Ababa, amayi, mawa kukubwera mlendo."

"Ndiye ukunena pano, titaphika kale za mawa?" anadandaula mayi ake, a Janeth, amene ankatsogolera gulu la amayi a Dorika kutchalitchi. "Abwera pa minibasi ya nthawi yanji?"

"Abwera pa ndege. Akufuna kutera pa Munda 14."

Zikani anafotokoza zonse, kuyambira pa dzina lija mpaka pa X wa a Andreya. Sanasiyeko kanthu.

"Kaputeni!" anafuula a Janeth. "Iwe amene unagwera m'ngalande ndi njinga ya bambo ako chaka chatha chomwechi?" Anayesa kukwiya, koma mapewa awo ankagwedezeka, mpaka anabisa nkhope m'buku la nyimbo.

A Namakhwa sanaseke. Anatseka buku lawo pang'onopang'ono.

"Zikani, wandimvetsa chisoni," anatero. "Ndinakuuza za a Edson, ukuseka, chonsecho unali utayala kale msampha wako. Unachita manyazi kunena kuti ndiwe mwana wa kapitawo wa tiyi. Manyazi ake ati? Tiyi ameneyu ndiye wakugulira yunifolomu, ndiye wakuphunzitsa Chingerezi chimene wanamira anthu. Ukanawauza kuti ndine mwana wa sukulu wokonda ndege, ukuganiza kuti akanakuthamangitsa? Munthu wodziwa ntchito yake amakondwa akapeza mwana wofunsa. Koma iwe unafuna ulemu usanaugwirire ntchito, ndipo ulemu wotero umalipiridwa ndi ena. Taona, mayi wosalakwa akubwera ndi moyo wake m'manja chifukwa anakukhulupirira."

Zikani anagwetsa nkhope. Misozi inadontha pa nsapato zake zafumbi.

"Komabe wanena dzuwa lisanalowe, ndipo pamenepo ndakuyamikira. Sabata ndi lopuma, koma si lopenyerera munthu akufa. Ine ndiwaimbira a manijala, ndipo nditumiza mawu kuti anthu afike kutchalitchi 7 koloko. Koma nsaluzo ukapempha wekha, kutsogolo kwa mpingo."

"Pamaso pa onse, ababa? Ndi a kwaya omwe?"

Mu kwayamo munkayimba Angella wa m'kalasi mwake, amene Zikani ankamuuza kawirikawiri kuti ali ndi anzake oyendetsa ndege.

"Ndi a kwaya omwe," anatero a Namakhwa. "Tsegula buku tiyimbe."

5. X wa mpingo

M'mawa kunacha ndi nkhungu. Zikani anaima kutsogolo kwa tchalitchi. Ananena zonse m'mawu ochepa, napempha nsalu zoyera.

Mayi wina wachikulire, a Anesi, amene anatchola tiyi moyo wawo wonse, anakweza dzanja.

"Ndiye ndege yakoyo ili kuti, mwanawe?"

"Ndilibe, agogo."

"Nanga ukaputeniwo anakupatsa ndani?"

"Ndinangolemba pa kompyuta."

"Kani n'zophweka choncho? Mawa ukandilembere ine umanijala."

Tchalitchi chonse chinaphulika ndi kuseka, Angella ndiye anachita kugwira pamimba. Zikani analakalaka pansi patatseguka. Koma a Janeth anaimirira n'kuwomba m'manja.

"Amayi, tidzaseka masana! Aliyense kunyumba, chilichonse choyera chibwere!"

Nyumba za antchito zinali pafupi. Posakhalitsa anthu anatulukira ndi nsalu za pabedi, za patebulo, makatani, ngakhale maneti a udzudzu. Mpingo wonse unalowa m'Munda 14 ndi zovala za pa Sabata. Mame ananyowetsa masuti ndi madiresi mpaka m'chiuno.

"Mofatsa!" ankafuula a Namakhwa. "Osathyola nsonga! Yalani ngati mukufunditsa khanda, tiyi wa eni ake uyu!"

Zikani anakwera pathanki yomwe ija, poti pamenepo ndi pamene X ankaoneka bwino. "Kumanja, amayi! A kwaya, bwererani m'mbuyo pang'ono!" Ndipo anthu ankamumvera, akulu ndi ana omwe.

Nsalu zinatha 9 koloko itatsala pang'ono. Zikani anayang'ana pansi. Mikono itatu inali bwino, koma wachinayi unali kachidutswa chabe.

"Sizinakwane! Mkono umodzi ndi waufupi! Akuoneka ngati Y!"

Nthawi yomweyo kunamveka kulira kwa chigayo kumwamba, chakumadzulo.

Anthu anayang'anana. Nthawi yothamangira kunyumba inali itatha. Apo ndi pamene mpingo unaona chinthu chimene sunachionepo. A Samsoni Namakhwa anavula jekete, namasula mabatani, navula malaya awo oyera a pa Sabata, n'kuwayala pa tiyi. Anatsala ndi vesiti, tayi ili lende m'khosi.

"Mukuonera chiyani, azibambo? Vulani!"

Malaya anavulidwa ngati kumtsinje. Madikoni, aphunzitsi, anyamata a kwaya, onse anayala awo mondondozana, ndipo mkono uja unatalika.

Kandege kanatulukira m'nkhungu kali mmunsi kale, chapamwamba pa damu. Injini inali itachepa mawu. Kankatsika molunjika pamundapo, mateyala atatu ali lende, okonzeka kuponda kapinga amene kunalibe.

"Imani pomwepo! Kwezani manja!" anakuwa Zikani.

Anthu oposa zana anakweza manja. Amene anali kumwambako anaona X wamkulu woyera, ndiponso khamu la anthu ooneka kuyambira m'chiuno kupita kumtunda, ngati alibe miyendo.

Kwa kamphindi, kandege kanapitiriza kutsika. A Anesi anatseka maso n'kuyamba kupemphera m'Chilomwe.

Kenako injini inabangula. Phiko linadzuka. Kandege kanadutsa pamitu pa anthu, mphepo yake n'kuulutsa neti imodzi mpaka kukaikoleka pa mtengo wa bulugama. Kanakwera, kanazungulira kawiri, kenako kanatsikira kuseri kwa mitengo, kumene kuli bwalo la mpira la sukulu ya pulayimale. Onse anamvetsera. Kulira kwa injini kunachepa pang'onopang'ono, n'kuzima mwamtendere.

Amayi analuluta. A kwaya anayambitsa nyimbo ali m'mavesiti. Zikani anakhala pathankipo n'kulira ngati kamwana, chifukwa cha mantha amene anagona nawo ndiponso chimwemwe chimene sanachiyembekezere.

6. Chisoti chachiwiri

Atatsika, anapeza bambo ake akumudikira. Malaya awo anali adakali pa tiyi, atanyowa.

"Lero wagwira ntchito ya munthu wamkulu," anatero a Namakhwa, dzanja lili paphewa pake. "Koma yatheka ndi theka. Mpingo wamva, anzako a pa kompyuta amva. Mayi uja sanamve kanthu. Tsogola."

Mpingo wonse unawatsatira, ena atanyamula makatani paphewa. Pabwalo la mpira, kandege kanali kataima pafupi ndi golo, ana atakazungulira. Pambali pake panaima mayi wamfupi wovala ovolosi, akupukuta thukuta. M'khwapa anapanira chisoti chake, ndipo m'dzanja ananyamula china chatsopano.

Anayang'ana khamu la azibambo a mavesiti lija, kufunafuna wooneka ngati mwini bwalo. Maso ake anagwera pa tayi. Anapita molunjika kwa a Namakhwa, natambasula dzanja lokhala ndi chisoti.

"Mwanipulumutsa na X uja, zikomo maningi," anatero m'Chinyanja cha kwawo. "Ndimwe a Kaputeni Zikani?"

"Ayi mayi, ine ndine wa tiyi," anayankha a Namakhwa. Anasuntha pang'ono, nakankhira patsogolo mnyamata wa maso ofiira amene ankabisala kumbuyo kwawo. "A Kaputeni ndi awa. Ali nanu mawu."

Susan anayang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zamatope. Kumwetulira kunachoka pankhope pake, koma chisoti chija sanachibweze. Chinangokhala pakati pawo, chikudikira, pamene Zikani ankatsegula pakamwa kuti ayambe kuulula.